Njere Ziwiri za Nandolo

Ana anga, mwandiumiriza kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndayamba. Za ubwana wanga ndazilumpha dala, poti munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazithira mchere kuposa mmene ndingachitire ine. Ndiyambira pamene boma linandipatsa jasi loyera ndi kiyi wa kabati ya mankhwala.

Nkhulambe, napolo asanagwe

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena kudera la Nkhulambe, cha m'ma 1980, Phalombe adakali mbali ya Mulanje. Udindo wanga unali wothandizira dokotala, koma dokotala weniweniyo ankabwera mwa apo ndi apo, ndiye aliyense ankanditchula adokotala, ndipo sindinama, sindinkakana. Ndinafika pa lole yonyamula matumba, nditanyamula chikwama chimodzi ndi mbaula ya parafini. Ndinapezako mzamba wachikulire amene anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa ngati mayi anga akudziwa kuti ndili kuno. Ameneyo ndiye anandiphunzitsa Chilomwe chokwanira kufunsira pamene pakupweteka, komanso kudya nyemba za kalongonda popanda kuchita tsinya.

Bwana wathu ankakhala ku boma. Dzina lake ndilisiya, koma tonse tinkawatchula a Mawa, chifukwa ukapempha kwinini, mabandeji kapena parafini wa mufuliji ya katemera, yankho linali limodzi lomwelo: mawa. Sanali munthu woipa ayi, kungoti nayenso nkhokwe yake inali yopanda kanthu ndipo ankachita manyazi kunena. Majakisoni tinkawiritsa mumphika n'kuwagwiritsanso ntchito mpaka nsonga kubuntha. Mabandeji tinkang'amba ku nsalu zakale za pabedi. Mvula ikagwa msewu unkafa, ndipo wodwala kwambiri ankanyamulidwa pamachira kapena panjinga, abale akumugwirizira mbali zonse.

M'zaka zimenezo panali ana ena amene ankabwera mobwerezabwereza. Manja ndi mapazi zotupa, maso achikasu, zikhatho zoyera ngati ufa, ndi kulira kosatonthozeka poti mafupa akuwawa. Tinkalemba kuti malungo ndi kuchepa kwa magazi, n'kupereka zomwe tinali nazo. Kusukulu anatiphunzitsapo za matenda a sikoselo, amene mwana amabadwa nawo m'magazi, koma linali phunziro la masana amodzi, dzuwa likuswa mtengo, theka la kalasi likuwodzera. Chimene chinatsala m'mutu mwathu n'chakuti ukawakayikira, ufunse ngati kwawo alipo wina amene anadwalapo chotero. Tinkafunsadi, mayi n'kuganiza pang'ono, n'kuyankha kuti palibe, ifenso n'kupitirira. Ambiri mwa ana amenewa sanafike poyamba sukulu, ndipo zinkandiwawa mtima kwambiri.

Napolo atagwa anandisamutsira kudera la Kaduya, kumene ndinakakumana ndi mayi anu. Za kumeneko ndidzalemba pazokha, iwo atandilola.

M'munsi mwa Michesi, kumayambiriro kwa zaka za 2000

Chipatala changa chachitatu chinali m'munsi mwa phiri la Michesi. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi banja la Esnati ndi Lusiyano. Esnati anali mwana wa m'mudzi woyandikana ndi chipatalacho. Lusiyano anali mkamwini, wochokera kumudzi wina kumene agogo ake anakhazikika atachoka ku Mozambiki. Anali munthu wosayankhulayankhula, wolima chinangwa ndi nandolo m'munda wa akuchikazi, ndipo masiku a msika ankanyamula nkhuni panjinga. Ana awo awiri oyamba anamwalira asanakwane zaka zitatu. Wachitatu, mtsikana dzina lake Tiyamike, anayamba kutupa manja akadali kumsana.

Mukudziwa mmene timakhalira kuno. Ana ndi a kwa mayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Malume ake a Esnati anali a Namakhwa, mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Sanali okhulupirira zamatsenga, ndipo ankadzitama ndi kusakhulupirirako, koma mutu wawo unawauza chinthu chimodzi: m'mbumba mwawo ana sankafa chotere mpaka pamene mkamwini uyu anabwera. Tsiku lina anandipeza pakhonde la chipatala ndikudya makaka owiritsa, nakhala pabenchi osandidikira kuti ndiwaitane.

"Adokotala, ndabwera kudzakutsanzikani pa nkhani ya mbumba yanga ija," anatero. "Tikakolola nandolo, akamwini aja tiwauza abwerere kwawo. Tilibe nawo mlandu, amalima bwino, samwa. Koma magazi awo sakugwirizana ndi athu. Manda awiri akwana."

Ndinawafunsa ngati Esnati akugwirizana nazo. Anandiyankha kuti Esnati ndi mwana, akulira lero koma adzathokoza mawa. Ndinangowapempha kuti asafulumire, ndipo iwo anati nandolo ndi amene adzanene nthawi.

Kubwera kwa a Profesa

Nandolo akadali maluwa, tinalandira alendo ochokera ku sukulu ya madokotala ya mumzinda. Anali ophunzira angapo ndi mphunzitsi wawo, mayi wina wamfupi wochokera kumpoto, katswiri wa matenda otengera kumtundu, amenenso ankafufuza njira zabwino zophunzitsira anthu azachipatala. Dzina lawo sindilemba poti sindinawapemphe. Ine ndinkangoti a Profesa. Ndinavala taye tsiku limenelo, koma iwo anafika atavala nsapato zansalu ndi chitenje, ndipo anapempha kuti ndiwaikire mpando pakona ya chipinda changa chopimira. Anakhala pamenepo masiku angapo, osanena kanthu, akungomvetsera mmene ine ndi ophunzira awo tinkafunsira odwala. Palibe chovuta ngati kugwira ntchito munthu wanzeru atakhala chete kumbuyo kwako.

Esnati atabwera ndi Tiyamike, ndinafunsa funso langa lakale lija mokweza ndithu, kuti alendo amve kuti nafenso kuno tinapitako kusukulu. Esnati anatchula mayi ake, amalume, ana a achemwali ake, n'kunena kuti palibe. A Profesa anasendeza mpando nafunsa modekha kuti, "Nanga kwa amuna anu? Achimwene ndi achemwali awo onse anakula?"

Esnati anadabwa. "Kumeneko si kwathu, mayi. Koma ndinamva kuti apongozi anataya ana awiri akhanda."

"Nanga kwa abambo anu okuberekani?"

"Iii, kumenekonso si kwathu. Anapita kalekale ndili wamng'ono."

Titatsala awiri, a Profesa anandiuza kuti ichi ndi chimene akhala akuchitsatira m'zipatala zosiyanasiyana. Kuno kumwera ukafunsa za kwanu, munthu amakuwerengera mbumba ya mayi yokha. Kwawo kumpoto amakuwerengera a kwa bambo okha. Onse sakunama, akuyankha monga mwa mwambo wawo, koma wachipatala amatsala ndi theka la nkhani. Ine ndinakulira m'chikamwini momwemo ku Dedza, ndiye yankho la Esnati linkamveka lokwanira m'makutu mwanga. A Profesa anaseka n'kunena kuti nawonso anatha zaka zambiri asanaone kuti a kwawo amalumpha amayi.

"Mabuku amene timaphunzitsira analembedwera anthu amene amawerenga mbali zonse ziwiri," anatero. "Ndikufuna ana anga awa akamatuluka sukulu azidziwa kufunsa Amalawi."

Kenaka anandituma kuti ndipeze nandolo wouma wa mitundu iwiri, woyera ndi wofiirira. Anandipatsa njere ziwiri m'dzanja, yoyera ndi yofiirira, nawonso anatenga ziwiri zotero. Anati munthu aliyense ali ndi njere ziwiri za magazi, ina ya kwa mayi, ina ya kwa bambo. Amene ali ndi yofiirira imodzi sadwala, amalima, amathamanga, ndipo sadziwa n'komwe. Mwana akamapangika amatola njere imodzi kwa mayi, imodzi kwa bambo, popanda wosankha. Akatola zofiirira zokhazokha ndiye amadwala. Tinatseka maso n'kutola kangapo konse. Phunziro limene linandikanika masana aja kusukulu linalowa m'mutu ndisanamalize kapu ya tiyi.

Atavomera eni ake, a Profesa anatenga magazi a Tiyamike, a Esnati ndi a Lusiyano kukawapima mumzinda. Asanakwere galimoto anandisiyira malangizo awiri. Loyamba, zotsatira ndi za banjalo, ndiye ndiwauze iwo awiri poyamba, paokha. Lachiwiri, akalola, ndiitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndiwafotokozere pamodzi, chifukwa mawu akachoka m'chipatala n'kufika kumudzi kudzera mbali imodzi, amafika ali mlandu. "Ndipo musawanamize pofuna kuwachitira chifundo," anatero. "Adzakufunsani funso lovuta. Nthawi zonse limabwera."

Nandolo atauma

Zotsatira zinachedwa, monga mwa masiku onse, ndipo zinafika anthu atayamba kale kupuntha nandolo. Tiyamike anali ndi sikoselo. Esnati ndi Lusiyano, aliyense anali ndi njere imodzi yofiirira. Ndinawaitana awiriwo, ndinatseka chitseko, n'kutulutsa nandolo wanga. Esnati anamva msanga, nagwira pakamwa. Lusiyano anatola njere kangapo, akuziyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa, maso ali pansi.

"Adokotala, ndiye kuti ine nditachoka, amake Tiyamike n'kukwatiwa ndi munthu wa njere zoyera zokhazokha, ana awo sangadwale?"

M'zaka zonse za ntchito yanga sindinalakelakepo kunama ngati tsiku limenelo. Ndinkawakonda anthu awiriwa. Ndinali nditamuonapo Lusiyano atabereka mwana kumsana ndi chitenje, amuna anzake akumuseka pamsika. Ndikanatha kunena kuti za mawa sizidziwika, kapena kuti zonse ndi za Mulungu, ndipo palibe akanandigwira bodza. Koma yankho ndinkalidziwa, ndipo ndinkadziwanso kuti yankho loonalo likupatsa a Namakhwa nkhwangwa yodulira banjali. Ndinaganiza za Esnati, amene ndiye ankanyamula mimba ndi kukhala pamphasa ya maliro. Ndinaona kuti ndilibe ufulu womubisira khomo limene iye mwina angafune kutulukira. Ndinayankha kuti inde, ana amenewo sangadwale matendawa, ndipo chimodzimodzi iyenso Lusiyano atakwatira mkazi wa njere zoyera. Ndinawauzanso kuti akakhala limodzi, mimba iliyonse ndi kutola kwatsopano: mwayi wa mwana wosadwala ndi waukulu kuposa wa wodwala, koma palibe angawalonjeze.

Lusiyano anati zikomo, naika njere zija patebulo bwinobwino. Anatuluka onse awiri, mwamuna patsogolo, mkazi pambuyo. Ndinapita kunyumba mtima uli wolemera, ndipo mayi anu angakuuzeni kuti sindinadye.

Esnati ndi Lusiyano analola kuti ankhoswe abwere. Tinakhala pakhonde Loweruka masana, chipatala chitatsekedwa. Mbali ya Esnati kunali a Namakhwa ndi mayi ake a Esnati. Mbali ya Lusiyano kunabwera mkulu wake, atapalasa njinga mtunda wautali, nkhope itauma ngati wobwera kudzatenga katundu wa mbale wake. Ndinagawira aliyense njere, n'kuwauza atseke maso. A Namakhwa poyamba anakana, amvekere iwo sanavale jekete kudzasewera bawo. Koma anatola, ndipo ulendo wachitatu iwo ndi mkulu wake wa Lusiyano anatulutsa zofiirira ziwiri. Ndinati, "Mwana ameneyu ndiye Tiyamike. Wam'dwalitsa ndani pa awirinu?"

Kenaka mayi ake a Esnati anayankhula m'Chilomwe, motsitsa, akuyang'ana mchimwene wawo. Chilomwe changa n'choperewera, koma ndinamva. Ankawakumbutsa za mng'ono wawo amene anamwalira ali wamng'ono, maso ali achikasu, iwo akadali ana. A Namakhwa anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Sindinganene motsimikiza kuti mwanayo anali ndi matenda omwewa, ndipo ndinawauza choncho, koma mkuluyo anali atamva kale zimene anamva.

Komabe anali munthu wochenjera, ndipo sipanatenge nthawi kuti afike pa funso lomwe lija. "Chabwino, tamva, mlandu palibe. Koma adokotala, mwana wathuyu atapeza mwamuna wa zoyera zokhazokha, zitha bwanji?"

Ndinawauza kuti funso limenelo eni ake anandifunsa kale ndipo ndinawayankha, ndiye ayankhe okha ngati afuna. Lusiyano ndiye anayamba. Anati wamva zonse, ndipo safuna kuti aumirizidwe kuchoka ngati wakuba, achoka yekha mwaulemu kuti mkazi wake aone ana akukula. Anangopempha kuti azimulola kudzaona Tiyamike. Mkulu wake anagwedeza mutu kuvomereza. Ine mumtima ndinati basi, choonadi changa chagwira ntchito yake.

Esnati anali asanayankhulepo chiyambire. Anakonza mwana pamiyendo, n'kunena osakweza mawu.

"Malume, ine ndamva bwino kuposa nonsenu, poti ndine ndinabereka. Njere inayo ndi yanga. Mukawathamangitsa awa, yangayo muithamangitsira kuti? Mwana uyu akayamba kulira mafupa, amene amamutenthetsera madzi n'kumusisita mpaka atagona ndi abambo akewa. Mwamuna wa zoyera amene mukumunenayo adzabwera kudzasisita mwana wa mwini? Ine ndikufuna uyu ali moyoyu akule. Za ena amene sanabadwe tidzaona ndi abambo ake."

A Namakhwa anayang'ana mlongo wawo, mlongo wawo anayang'ana kumbali. Pomaliza anati nkhaniyi akaigonera. Sanabwerenso nayo, ndipo nandolo wa chaka chimenecho Lusiyano anakagulitsa yekha.

Tiyamike tinayamba kumusamala monga a Profesa anatilangizira: penisilini tsiku ndi tsiku, timapiritsi tothandiza magazi, kugona m'neti, kumwa madzi ambiri, kumufunditsa chiperoni chikayamba, ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Penisilini akatha m'kabati ndinkapalasa njinga kukapempha kwa anzanga a zipatala zina, ndipo ena anayamba kubisala akandiona. Patapita zaka Esnati anatenganso pakati. Miyezi yonseyo ine ndinali ndi mantha kuposa eni ake. Anabadwa mnyamata wosadwala. A Namakhwa ankauza anthu kuti adokotala anakonza magazi, ndipo ndinatopa n'kuwatsutsa kuti ine sindinakonze kanthu, mwanayo anangotola bwino.

Nditapuma ntchito

A Profesa sindinaonane nawonso, koma ntchito yawo inkandipeza. Zaka zanga zomaliza ndisanapume, achinyamata ongotuluka kumene sukulu amene ankatumizidwa kwa ife ankafunsa okha za kwa mayi, za kwa bambo, ndi ana amene anamwalira mbali zonse. Mmodzi anafuna kundiphunzitsa za njere ziwiri, iye akugwiritsa zitsekerero za mabotolo, ndipo ndinamulola amalize poti ankafotokoza bwino. Nditamufunsa kumene anazitenga anati zili m'maphunziro awo, ndipo dzina la mayi aja sankalidziwa n'komwe. Iwe Chikondi unandiwerengera pafoni tsiku lina kuti zolemba zawo zimatchulidwa ndi akatswiri a maiko ena, ndi kuti kumeneko ndi kumene amayezera kukula kwa munthu wofufuza. Sindikutsutsa, ndipo ndinanyadira. Kungoti ine ndinaona mbali ina ya ntchitoyo, imene sindikudziwa ngati iwo eni anaimvapo.

Tiyamike anakula. Anali wochepa thupi, wamakani, wokonda kuyimba kwaya, ndipo ankanditchula agogo a mapiritsi. Anafika mpaka ku sekondale, akujomba miyezi ina chifukwa cha ululu. Ndinayamba kukhulupirira kuti tapambana. Koma chaka china m'nyengo yozizira chifuwa chinamugwira mwamphamvu, anamutengera ku chipatala chachikulu, ndipo sanabwerere wamoyo. Ndinali nditapuma kale ntchito. Uthengawo unandipeza m'munda, ndipo ndinakhala pansi pamzere n'kulira ngati mwana.

Ku maliroko ndinapita ndi mantha ena. Ndinkamva anthu akunong'ona kuti tsopano chimene chinkamusunga mkamwini uja pamudzi chapita, ndipo manda akwana atatu. Abale a Lusiyano anakhala mbali yawo, osasakanikirana ndi eni mudzi. Lusiyano yemwe anali atakhala pansi pafupi ndi bokosi, imvi zitayamba, akuoneka ngati munthu wodikira kuuzidwa zochita. Nthawi yofotokoza za imfa itakwana, a Namakhwa anaimirira. Anali atakalamba kwambiri, akuyendera ndodo, ndipo mdzukulu wawo wamkazi anawagwira mkono. Sindinkadziwa chimene anene.

Anafotokoza za kudwala kwa mwanayo mwachidule. Kenaka anati matenda amenewa sanabwere ndi munthu mmodzi, anachokera kuchikazi ndi kuchimuna mofanana, ndipo aliyense wofuna kuloza chala ayambe waloza iwo. Anapuma pang'ono, natembenukira kumene kunakhala abale a Lusiyano.

"Inu akuchimuna, ndili ndi pempho, ndipo ndikulinena pano kuti anthu amve ine ndisanafe. Mwambo umati mkamwini akamwalira mumabwera kudzamutenga. Uyu musadzamutenge. Waika ana atatu m'manda athu, ndipo sanathawe. Malo ake tamusungira pafupi ndi ana akewo."

Mkulu wake wa Lusiyano anaimirira, navula chipewa, n'kunena kuti amva. Lusiyano sanadzutse mutu. Esnati, amene anali pakati pa amayi, anadzuka pamphasa, anadutsa pakati pa anthu onse aja, n'kukakhala pansi pambali pa mwamuna wake.